Kodi Nyimbo Inayamba Liti Kufuna Maso?

Ndili ndi mafunso, ndipo ndikupempha inu odziwa zinthu kuti musandiseke. Ine ndinakula ndikudziwa kuti nyimbo imalowera kukhutu. Ikakoma imatsikira kumiyendo, munthu n'kudzuka kukavina. Ntchito ya maso inali kuona poponda basi. Koma lero pa Kamwendo pano, woimba akatulutsa nyimbo yopanda vidiyo, ana amangoti sinathe. Sinathe bwanji pamene mawu alipo, gitala alipo, ng'oma ikumveka? Chasowa n'chiyani?

Amene ndimamuvutitsa ndi mafunsowa ndi mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu ali ndi kamera ndi laputopu, amajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuyambira ku Boma mpaka ku Mkanda. Amandiyankha mwaulemu, ngakhale ndimaona kuti nthawi zina amabisa nkhope kuti aseke.

Choyamba chimene ndinamufunsa n'chakuti: oimba zida ali kuti? Ndimaona mnyamata ataima pamwamba pa mwala, mphepo ikukupiza malaya ake. Alibe maikolofoni, palibe woimba gitala, palibe nthambo yamagetsi, koma nyimbo ikumveka yodzadza ngati gulu lonse la Alleluya lili pomwepo. Abisala kuseri kwa mwalawo?

"Ayi atsibweni," anatero. "Nyimbo imakhala itajambulidwa kale ku situdiyo. Ife timangonyamula sipika, kuiika poti kamera isaione, woimba n'kumatsatira ndi milomo."

Ndiye kuti sakuimba?

"Akuimba, koma mawu amene inu mukumvawo si a tsiku limenelo."

Ndinakhala chete. Pakamwa ndi pa Loweruka, mawu ndi a mwezi watha. Ndipo palibe amene amadandaula kuti wanamizidwa, chifukwa aliyense akudziwa, kupatula ine.

Nanga zovala? Vesi imodzi yokha, munthu wavala malaya oyera, ukaphethira wavala jekete yofiira, ukaphethiranso ali m'madzi. Amasintha nthawi yanji? Mnyamatayo anandifotokozera kuti nyimbo yomweyo amaibwereza kuyambira poyamba mpaka pothera pamalo aliwonse amene apita, ndi zovala zosiyana, kamera ikuima uku ndi uko. Kenako iye amakhala pa kompyuta usiku wonse kudula zithunzizo tizidutswatizidutswa, n'kumalumikiza motsatira kugunda kwa ng'oma. Kachidutswa kamodzi sikakhalitsa, masekondi awiri kapena atatu kapita. Ndinafunsa kuti akuthamangira kuti. Iye anati diso la munthu wa pa foni silichedwa kutopa, ndipo chala chimakhala chili tcheru kukankhira ku vidiyo ina. Apa ndinamvetsa pang'ono. Koma ndikanakonda nditaiona bwino nkhope ya woimbayo isanathawe.

Mwina chimene chimandisokoneza n'chakuti zinthuzi zinatipeza mochedwa. Nthawi yonse ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema. TVM inayamba kuulutsa mu 1999, pamene anzathu a ku Zambia, amene malire awo ali pa Mwami pompa, anali nayo kuyambira 1961 ku Kitwe. Ife Allan Namoko tinkamumva pa MBC osadziwa ngati ndi wamtali kapena wamfupi. Aliyense ankadziumbira Namoko wake m'mutu. Oimba oyamba amene ambiri a ife tinawaona akuvina pa galasi anali a ku Congo, a Pepe Kalle, a Kanda Bongo Man, a Koffi Olomide, m'tinyumba ta vidiyo tofolera ndi matumba, jenereta ikulira panja. Kumeneko n'kumene tinaphunzira kuti woimba amaima pakati, ovina kumbuyo kwake pamzere.

Ndinamufunsa mnyamatayo kuti anayambitsa zimenezi ndani, ndipo ankafuna chiyani. Anati oimba akhala akujambulidwa kalekale, koma chimene chinasintha zinthu ndi wailesi ya kanema ya MTV imene inatsegulidwa ku America pa 1 Ogasiti 1981, ntchito yake kuonetsa mavidiyo a nyimbo usana ndi usiku. Makampani ogulitsa nyimbo anaona kuti nyimbo ikaonekera kumeneko imagulidwa kwambiri, ndiye anayamba kuthira ndalama m'mavidiyo. Ku Africa kuno Channel O ya ku South Africa ndi imene inachita zomwezo, kenako kunabwera YouTube mu 2005. "Mwachidule atsibweni, vidiyo ndi yoitanira malonda."

Malonda a chiyani? Poti makaseti a kwa O.G. Issa anatha, ma CD nawo ndi awo akutha, akugulitsa chiyani?

"Akudzigulitsa yekha. Anthu akamuona, amuitana kukaimba ku shoo, ku ukwati, makampani amupatsa ntchito yotsatsa katundu."

Chabwino. Kutchuka kwa pa galasi kumeneku ndinakuonapo malire ake. Mu 2006 kunabwera Madonna ku Mchinji kuno, ku Home of Hope, atolankhani a mayiko akutali ali pambuyo pake. Akuti mayiyu ndi mmodzi mwa anthu amene MTV inawakweza kwambiri, ndipo mavidiyo ake anagwedeza dziko lonse. Ife a kumudzi sitinaonepo ngakhale imodzi. Tinkangoti kwabwera mayi wachizungu wolemera. Kumene kulibe magetsi, dziko lonse silifikako.

Tsopano funso limene limandisowetsa tulo: galimoto ija ndi ya ndani?

Mukuidziwa. Yakuda, yonyezimira, zitseko zili chitsegukire ngakhale palibe akukwera kapena kutsika. Woimba watsamira kutsogolo kwake, wavala magalasi akuda ngakhale kuli usiku, tcheni m'khosi. Kumbuyo kuli nyumba yosanja, dziwe losambiramo, mabotolo a zakumwa zimene dzina lake sindingalitchule. Koma ndikatchera khutu, mnyamatayo akuimba za ngongole, za katapila, za chibwenzi chimene chamuthawa chifukwa alibe kanthu. Alibe kanthu bwanji? Bwanji osagulitsa tayala limodzi la galimotoyo n'kubweza ngongoleyo?

Apa mwana wa mlongo wanga anaseka osabisanso nkhope. Anati nthawi zambiri galimoto imakhala yobwereka kapena yahayala, nyumba ndi loji imene alipira maola ochepa, ndipo kamera ikangozima aliyense amakwera minibasi kubwerera kwawo. Ndinafunsa ngati oonera amadziwa. Anati ambiri amadziwa. Ndiye ngati woimba akudziwa kuti si yake, wojambula akudziwa, woonera akudziwa, galimotoyo ikunamiza ndani?

Yankho lake silinali lopusa, ndipo ndaliganizira kwambiri. Anati: "Atsibweni, munthu wakhala tsiku lonse akupalasa kabaza kuchokera ku Boma kupita ku boda. Madzulo wagula bandulo ndi ndalama ya thukuta lake. Mukufuna atsegule foni kuti aone kabaza?" Anatinso wokonza shoo akaona woimba akuoneka wosauka, amamulipira ngati wosauka. Ndiye galimotoyo ndi mtengo umene woimba wadziikira.

Ndikuvomera kuti pali nzeru pamenepo. Koma chikundivuta n'chimodzi. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi a Giddes Chalamanda, gogo wa ku Chiradzulu wobadwa mu 1930, n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale, kuphatikizapo Linny Hoo. Munalibe dziwe losambiramo, munalibe botolo. Munali nkhalamba ikuimba, mnyamata akuithandizira, onse akusangalala. Vidiyo imeneyo inafika kutali kumene magalimoto obwereka ambiri sanafikeko, anthu a mayiko osamva Chichewa n'kumaibwereza pa TikTok. Nanga pamenepo chinagulitsa n'chiyani? Ndipo kale kwambiri, mu 1967, katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anajambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka akuimba ndi gulu lawo, anyamata wamba ndi zida zawo m'manja. Zithunzi zimenezo anthu ophunzira za nyimbo amazifunabe mpaka lero, chifukwa umaona zala zikugwira ntchito. Mnyamata wanga anati zimenezo zimachitika mwa apo ndi apo, sungazidalire. Mwina. Koma ine ndikanakhala woimba ndikanafunsa kuti zinatheka bwanji, ndisanapite kokabwereka galimoto.

Funso lina ndi la mtsikana. M'mavidiyo ambiri a chikondi mumakhala mtsikana wokongola amene salankhula. Amayenda pang'onopang'ono, amatembenuka, amagwira tsitsi, amayang'ana pawindo. Nyimbo yonse ikunena za iye, koma maganizo ake sitiwamva. Kumayambiriro kwa vidiyo amalemba dzina la woimba, dzina la nyimbo, dzina la wojambula, monga Sukez kapena Ron CZ amene ana amawatchula ngati abale awo. Dzina la mtsikanayo kawirikawiri sindiliona. Kwawo n'kuti? Analipidwa? Akadzafuna kukwatiwa, akuchimuna adzamvetsa kuti kuja kunali kuntchito?

Za kavalidwe ndilankhula mosamala. Ndinakhalapo nthawi ya lamulo la 1973 limene linkaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi, nthawi imene mwamuna wolowa m'dziko muno ndi tsitsi lalitali ankakumana ndi lumo. Sindikulifuna lamulo limenelo, linkayenda ndi mantha. Changa ndi chidwi chabe. Mnyamata wavala sikipa, pamwamba pake juzi, pamwamba pake jekete, kumutu chipewa cha ubweya. Mtsikana amene waima naye wavala ngati ali ku Nsanje mwezi wa Okutobala. Awiriwa ali pamalo amodzi, dzuwa limodzi. Akumva kuzizira ndani, akumva kutentha ndani?

Ndisanamizire achinyamata okha. Makwaya athu nawo ali ndi zawo. Amayi a kwaya amasonkha ndalama miyezi ingapo, kusoketsa yunifomu, kuchita hayala basi, ulendo wa ku Salima. Kukafika kumeneko amandanda pamchenga, ena pamiyala, manja m'mwamba, mafunde akuwanyowetsa m'mapazi. Ena amapita pa kapinga wa hotela kapena pansi pa mathithi. Ndinafunsa kuti tchalitchi chimene anaumba njerwa zake ndi manja awo chalakwa chiyani. Nyumba zopemphereramo zokongola tili nazo, pitani ku Ludzi kapena ku Guilleme mukaone. Mnyamata wanga anati m'tchalitchi mumachepa kuwala, ndipo madzi ndi miyala zimaonetsa ukulu wa chilengedwe cha Mulungu. Kenako anawonjezera motsitsa mawu kuti amayiwo amafunanso kukaona nyanja. Yankho lachiwirili ndinalikhulupirira msanga.

Koma pa vidiyo ya kwaya pali chinthu chimene ndinachimvetsa popanda wondifotokozera. Kamera imayenda nkhope ndi nkhope, osadumpha munthu. Wojambula amadziwa kuti akasiya mmodzi, nkhani yake sidzatha, chifukwa aliyense anasonkha. Poyamba zinkanditopetsa. Kenako mayi wina wa kwaya ya kwathu anatisiya, ndipo ana ake analibe chithunzi chake chabwino ngakhale chimodzi. Chimene ali nacho ndi vidiyo ija. Amaiika, kudikira mpaka kamera ifike pa mayi awo, akuimba alito, akumwetulira, mpango uli bwinobwino kumutu. Vidiyo imeneyo sinaitane malonda alionse. MTV inkadziwa kuti zidzagwiranso ntchito imeneyi?

Pali nkhani ina imene ndikuifunsa ndi ulemu wonse. Tay Grin amadzitcha Nyau King, ndipo iye ndi oimba ena aika gule wamkulu m'mavidiyo awo. Mbali ina mtima wanga umakondwa. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu ngati chuma cha anthu a dziko lonse, ndipo chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti timawoloka malire kupita ku Mkaika ku Katete ku mwambo wa kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, kumene magule a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana. Mwana wa ku Lagos akaona zimenezi pa foni n'kufunsa kuti n'zakuti, si zoipa. Koma gule amene ine ndimamudziwa amatuluka pa chifukwa: maliro, chinamwali, kulonga mfumu. Ali ndi bwalo lake, ng'oma zake, eni ake. Mu vidiyo amatuluka chifukwa kolasi yafika, n'kuvina ng'oma ya pa kompyuta. Kodi amapempha kwa ndani? Wojambula akati "tibwereze", chilombo chimabwereza? Izi sindinamufunse mwana wa mlongo wanga, si za msinkhu wake. Ndikuzisiya kwa mafumu athu.

Mnyamatayo, pofuna kundionetsa kuti akunja nawo amachita zodabwitsa, anandiikira Thriller ya Michael Jackson ya mu 1983, yotalika pafupifupi mphindi 14, mmene anthu amatuluka m'manda n'kuyamba kuvina pamsewu. Anati imeneyi ndi imene inaphunzitsa dziko kuti vidiyo ikhoza kukhala nthano yathunthu, yokhala ndi chiyambi ndi mathero. Ndinaonera mpaka kumapeto. Ndinamuuza kuti yakonzedwa bwino, koma Mchewa sungamudabwitse ndi zovina zochokera kumanda.

Za nthanozi ndili ndi kafunso kakang'ono. Mavidiyo ena amatsatira mawu a nyimbo mzere ndi mzere: woimba akatchula kulira, wina akulira, akatchula foni, foni ikuitana. Ena satsatira n'komwe: nyimbo ikunena za mayi, ife tikuona utsi wamitundumitundu ndi munthu akuthamanga m'nkhalango. Oyambawo amandiyesa wogontha, achiwiriwo amandiyesa mlosi. Pakati pake palibe?

Ife a m'malire timaona zinthu zambiri kuposa anzathu a m'kati. Nyimbo za Yo Maps ndi Slapdee zimafika kuno tsiku lomwe zatuluka ku Lusaka, ndipo za Namadingo, Driemo ndi Eli Njuchi zimamveka ku Chipata ngati kwawo. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami kuti katundu asamachedwe ndi mapepala mbali ziwiri. Thumba la mtedza limafunsidwabe mapepala, vidiyo imangodutsa m'thumba la malaya. Zimenezo n'zabwino. Koma tayesani izi: tsitsani mawu onse, muonere ndi maso okha. Mungadziwe kuti iyi ndi ya ku Lilongwe, iyi ya ku Lusaka, iyi ya ku Johannesburg? Magalasi omwewo, magetsi ofiira ndi obiriwira omwewo, kandege kojambulira kaja kakukwera m'mwamba chimodzimodzi, mavinidwe a amapiano omwewo. Jerusalema ya Master KG itatchuka mu 2020, dziko lonse linavina sitepe imodzi, anamwino, ansembe, apolisi. Zinali zokoma kuona. Koma aliyense akavina za mnzake, ingoma ya kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni adzavina ndani? Chimtali cha amayi athu chidzalowa liti pa galasi osadikira tsiku la alendo?

Ndimafunsanso za ndalama, poti ndine mlimi ndipo ndimafuna kudziwa amene amakolola. Woimba walipira situdiyo, walipira wojambula, walipira ovina, walipira galimoto ija. Vidiyo yatuluka. Pa msika uliwonse, Kapiri, Waliranji, Nkhwazi, pali mnyamata wa kompyuta amene amabena nyimbo: umamupatsa memore kapena fulashi ndi kandalama kochepa, iye n'kukudzazira mavidiyo ambirimbiri. Kandalamako n'kake. Amene amaonera pa intaneti, ndalama yake yapita ku kampani ya foni. Nanga mwini nyimbo? Mnyamata wanga anati kuli bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za oimba kuchokera ku mawailesi ndi malo ena ogwiritsa ntchito nyimbo, ndipo lamulo la 2016 linawonjezera kandalama kodulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo kuti kazigawidwa kwa eni luso. Ndinakondwa kumva zimenezo. Koma iye mwini anavomera kuti wobena uja woimba samuda kwenikweni, chifukwa popanda iyeyo vidiyo singafike kumudzi kumene bandulo ndi yodula kuposa ndiwo. Ndiye wakuba ndi yemweyo, wofalitsa ndi yemweyo? Mutu wanga unaima.

Chomaliza chimene ndinamufunsa chinali chakuti iyeyo, poti ali ndi kamera, bwanji sajambula Mchinji. Mapiri ali apo, kumene mtsinje wa Bua umayambira. Njanji yopita ku Chipata ili apo. Pali mizere ya njinga zonyamula matumba m'mawa, pali amayi osenda mtedza pakhonde akuimba nyimbo zimene palibe situdiyo inazimvapo, pali osintha ndalama pa boda amene manja awo amathamanga kuposa wovina aliyense. Anandiyankha kuti iye amajambula zimene wolipira wafuna, ndipo wolipira amafuna zimene anaona kwa wina. Anati tsiku limene woimba wotchuka adzajambule vidiyo m'munda wa mtedza n'kuphulika, onse adzathamangira ku minda, mpaka alimi tidzayamba kulipiritsa.

Ngati zili choncho, pempho langa likupita kwa inu oimba ndi ojambula a ku Lilongwe. Msewu wa M12 ndi wa phula, ndipo ndi makilomita pafupifupi 110 okha. Bwerani mwezi wa Meyi tikamakumba mtedza, mubwere ndi kamera ndi sipika yanu ija. Galimoto musavutike kubwereka, tidzakunyamulani pa kabaza, ndipo munda wanga chaka choyamba ndi waulere.